Mmene mungakonzere galasi kuti ma neuron agwire nkuyamba kutulutsa nthambi

Ulendo wanga woyamba kudzala ma neuron, maselo a mitsempha, mu labu, mmawa mwake nditayang'ana pa maikulosikopu ndinapeza aunjikana timibulu timibulu, ena akungoyandama, panalibe olo mmodzi yemwe anatulutsa kaulusi. Medium, madzi a chakudya omwe maselo amakuliramo, inali yabwinobwino, inkyubeta ili pa 37, CO2 ili pa 5%, zonse mmene amafunira. Vuto linali pansi pomwe ndinawaikapo. Laminin, puloteni yomwe timakutira galasi tisanadzale maselo, ndinamusungunula mothamanga mu water bath chifukwa nthawi inali itanditaya, ndiye nditamuthira pa galasi ndinamusiya mu hood mpaka anauma gwaa. Ntchito ya masabata awiri inathera pamenepo ndipo zinandiwawa kwambiri, chifukwa palibe anandiuzapo kuti galasi lija si pongoikapo maselo basi, ndi pomwe selo limamva uthenga woti likule kapena lingokhala.

Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga omwe mukuyamba kumene ntchito yamtunduwu, kaya muli pa masters kaya mwangolowa mu labu ya cell culture. Nkhani yake njoti kugwira ndi kukula ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mukazimvetsa izi theka la mavuto anu latha.

Mthupi selo silikhala pa mpweya. Pakati pa maselo pali ukonde wa mapuloteni ndi shuga omwe maselo eniakewo amatulutsa, ndi womwe amautcha extracellular matrix, mwachidule ECM. Muli collagen, muli fibronectin, muli laminin, muli tenascin ndi ma proteoglycan osiyanasiyana. Neuron ikamakula imatulutsa kaulusi kotalika, ndipo kunsonga kwake kuli kanthu kooneka ngati kadzanja komwe Santiago Ramón y Cajal anakaona mu 1890 mu kamwana ka nkhuku kali mdzira, lero timakatcha growth cone. Amene munalimapo maungu mukudziwa mmene nsonga ya dzungu imayangira, imatulutsa timanja tofunafuna pogwira, ikapeza phesi la chimanga imakulunga nkupitirira, ikapanda kupeza imangopindika pomwepo. Growth cone imachita chimodzimodzi, kusiyana kwake nkoti iyo siingogwira chilichonse, imasankha, imazindikira kuti ichi ndi laminin ichi ndi china.

Zoti ulusi wa mtsempha umafuna popondapo zinaoneka kalekale. Ross Harrison mu 1907 anatenga kachidutswa ka mwana wa chule, nkukaika mu dontho la lymph ya chule yomwe inaundana, ndipo anaona ndi maso ake ulusi ukutuluka ukuyenda mu lymph youndanayo. Patapita zaka zingapo anayesa ndi ukonde wa kangaude, maselo nkumatsata ulusi wa kangaudewo. Laminin yemwe tikudalira lero anadzapezeka mu 1979 ndi Rupert Timpl ndi anzake, anamuchotsa mu chotupa cha mbewa chotchedwa EHS, ndipo mpaka pano laminin wambiri yemwe mumagula mkabotolo amachokera mu chotupa chomwecho. Ndi puloteni yaikulu, ya maunyolo atatu, alpha, beta ndi gamma, opotana nkuoneka ngati mtanda.

Tiyambe ndi galasi. Ine ndimagwiritsa ntchito ma coverslip a 12 mm chifukwa amakwana bwino mu puleti ya mabowo 24. Akatuluka mu bokosi amaoneka oyera koma amakhala ndi mafuta ndi zotsalira za ku fakitale, ndiye musawakhulupirire. Aviikeni mu 1 M HCl usiku wonse, ena amakonda nitric acid, zonse zimagwira koma valani magolovesi ndi magalasi a mmaso ndipo chitirani mu fume hood. Mmawa mwake atsukeni ndi madzi a distilled kambirimbiri, osati kawiri katatu ayi, sinthani madzi mpaka mukhutire kuti asidi yense wachoka, kenako 70% ethanol, muumitse mu hood kapena muwaotche mu uvuni. Apa anthu amachita ulesi chifukwa nkotopetsa, koma galasi losatsuka bwino coating imagwira mwa apo ndi apo ndipo mudzaona maselo ali mbali imodzi kwina kuli mbee.

Kenako poly-lysine. Iyi si puloteni ya ECM, mthupi mulibemo, ndi unyolo wa lysine yekhayekha womwe uli ndi positive charge, ndipo popeza kunja kwa selo kuli negative, selo likafika limangomamatira ngati mmene tsitsi limakanirira ku chipeso cha pulasitiki mukachikhuta pa malaya. Pali poly-L ndi poly-D. Poly-D ndiye ndimakonda chifukwa ma enzyme a maselo sangathe kuidula, ndiye imakhalitsa ngati culture yanu ndi ya masabata. Sungunulani kufika pa 50 mpaka 100 µg/ml mmadzi a sterile kapena borate buffer ya pH 8.5, thirani mokwanira kuphimba galasi lonse, siyani ola limodzi kapena usiku wonse. Mukatero tsukani katatu ndi madzi a sterile, izi musadumphe chonde, poly-lysine yotsala yomwe sinagwire pa galasi imapha maselo. Iyi yokha ndi yomwe mungaumitse popanda vuto.

Pa laminin ndipomwe ndikufuna tichedwepo. Mukamuchotsa mu freezer muikeni pa ayisi kapena mu firiji asungunuke yekha pang'onopang'ono, olo zitenge maola angapo. Akatenthedwa mofulumira ali wokhuthala amagwirana yekhayekha nkupanga ka jeli, ndipo ka jeli kameneko simungakabwezenso. Musamuike pa vortex, ingosakanizani mofatsa ndi pipette. Nthawi zambiri amabwera pa 1 mg/ml, inu mutsitseni kufika pakati pa 5 ndi 20 µg/ml mu PBS (madzi a mchere a buffer) yozizira, ine ndimayambira pa 10. Thirani pamwamba pa poly-lysine ija, ikani mu inkyubeta maola awiri kapena mu firiji usiku wonse puleti itamatidwa ndi parafilm. Ndipo musamulole kuuma. Nthawi yodzala ikakwana, yamwani laminin mu bowo limodzi nkuthiramo medium pompo, kenako bowo lina, osati kuyamwa mabowo onse 24 kenako nkumayamba kufunafuna botolo la medium, mphepo ya mu hood imaumitsa mofulumira kuposa mmene mungaganizire. Puloteni ikauma imasintha kapangidwe, malo omwe selo limayenera kugwira amabisika kapena kuwonongeka, ndiye mumakhala ndi laminin pa galasi koma selo silikumuona.

Nanga selo limamuona bwanji? Pa khungu la selo pali mapuloteni otchedwa ma integrin, dzinali linachokera ku labu ya Richard Hynes mu 1986. Iliyonse ndi ziwalo ziwiri, alpha ndi beta, ndipo mwa munthu muli mitundu 24 malingana ndi mmene zaphatikizirana. Mwachitsanzo α6β1 imagwira laminin, α5β1 imagwira fibronectin. Mutu wa integrin uli kunja, mchira uli mkati mwa selo, ndipo mutu ukagwira laminin kumchira kumasonkhana mapuloteni ena monga talin, vinculin, paxillin ndi FAK omwe amalumikiza integrin ku actin, timaulusi ta puloteni ta mkati mwa selo. Apa ndiye pali nkhani yokoma. Mu growth cone actin imamangidwa kutsogolo koma nthawi yomweyo puloteni ina yotchedwa myosin imaikokera kumbuyo, ndiye ngati palibe chogwira pansi zimangozungulira pamalo amodzi, ngati minibasi yatitimira mmatope nthawi ya dzinja, injini ikulira matayala akuzungulira koma siikusuntha. Integrin ikagwira ECM nkulumikizana ndi actin zili ngati mwaponya miyala ndi nthambi pansi pa tayala, mphamvu yomwe ija imasanduka ulendo. Tim Mitchison ndi Marc Kirschner mu 1988 anafanizira zimenezi ndi klachi ya galimoto. Ndiye taonani, poly-lysine imamata selo koma siilankhula ndi integrin, pomwe laminin amagwira komanso amatumiza uthenga mkati. Nchifukwa chake neuron pa poly-lysine yokha imakhala yamoyo ndipo imatha kutulutsa nthambi, koma pa laminin nthambi imodzi imathamanga kutalika moti mumachita kudabwa.

Musangondikhulupirira, yesani nokha, ndipo kuyesa kwake sikodula kwenikweni. Pa puleti imodzi konzani mizere, wina galasi lopanda kanthu, wina poly-D-lysine yokha, wina poly-D-lysine ndi laminin, wina fibronectin pa 10 µg/ml, wina BSA yemwe ndi puloteni yomwe maselo sagwira. BSA ndi wofunika chifukwa amakuonetsani kuti si puloteni iliyonse yomwe imathandiza. Mzere uliwonse ukhale ndi mabowo atatu kapena anayi, ndipo mabowo a mmphepete ndi bwino kungothiramo PBS chifukwa amauma msanga kuposa apakati.

Maselo mutenga kuti? Ngati labu yanu ili ndi PC12, omwe Lloyd Greene ndi Arthur Tischler anawakhazikitsa mu 1976 kuchokera ku chotupa cha khoswe, yambirani pamenepo, mukawapatsa NGF (nerve growth factor, puloteni yokulitsa mitsempha) pa 50 ng/ml amasiya kuchulukana nkuyamba kutulutsa nthambi patapita masiku angapo. Pa galasi lopanda kanthu amagwira movutikira kwambiri ndipo amakonda collagen, ndiye onjezerani mzere wa collagen. Koma njira yomwe ine ndimaikonda ndi ya mazira a nkhuku, mazira otheka kuswa, mumawafungatira pa 37.5 kapena 38 kwa masiku 8 mpaka 10, nkuchotsa ma dorsal root ganglion omwe ali ngati timikanda mbali zonse za msana. Pezani kaye chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku pa nyama pamalo pomwe muli, musayambe musanatero. Simukufunikanso kuwaphwanya ndi trypsin, enzyme yolekanitsa maselo, ulendo woyamba, ikani ganglion yathunthu pakati pa galasi ndi medium yochepa kwambiri, yongonyowetsa, kuti isayandame, dikirani ola limodzi kapena awiri igwire kenako onjezerani medium ya NGF pang'onopang'ono kudzera mmbali mwa bowo. Mukathira mwamphamvu pakati imazuka ndipo mwataya. Pakatha maola 24 pa laminin mudzaona ulusi utatuluka mbali zonse ngati dzuwa lojambula ana a sukulu, chithunzi chofanana ndi chomwe Rita Levi-Montalcini anaona ku Rio de Janeiro mu 1952 pomwe ankafufuza chomwe chinadzatchedwa NGF. Tsiku loyamba lomwe ndinaona zimenezi zitatheka ndinakhala pa maikulosikopu mpaka khosi kuwawa, mukakweza lens mumaona timanja ta growth cone titatambasuka kunsonga kwa kaulusi kalikonse.

Kugwira ndi kukula muziyeze padera. Pofuna kuyeza kugwira mufunika maselo olekanitsidwa, dzalani nambala yofanana mu bowo lililonse, dikirani mphindi 30 mpaka 60 basi, tsukani mofatsa ndi medium yofunda kawiri, nkuwerenga otsala. Mukadikira maola ambiri maselo amayamba kutulutsa ECM yawoyawo ndipo kusiyana kumazimiririka. Komanso pa kuyeza uku musaike serum, chifukwa mu serum muli kale fibronectin ndi vitronectin zomwe zimakhala pa galasi nkusokoneza zonse, mumapezeka galasi lanu lopanda kanthu lija silinali lopanda kanthu. Mudzaona kuti poly-lysine imagwira maselo ambiri, mwinanso kuposa laminin, koma mukadzayeza kutalika kwa nthambi mawa lake zinthu zimatembenuka. Paul Letourneau mu 1975 anaonetsa kuti growth cone imasankha popita malingana ndi pansi pake, ndipo poyamba anthu ankaganiza kuti imangotsata pomata kwambiri, koma kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti pomata kwambiri si pomwe nthawi zonse imathamanga. Kuti uyende umafunika kuponda komanso kunyamula phazi.

Ngati mukufuna umboni woti ndi ma integrin omwe akugwira ntchito, pali njira ziwiri zosavuta. Yoyamba ndi EDTA. Integrin imafuna magnesium ndi calcium kuti igwire, EDTA imalanda zimenezi, ndiye mukathira pang'ono maselo a pa laminin ndi fibronectin amazungulira nkuyamba kuchoka pomwe a pa poly-lysine ambiri amakakamirabe. Yachiwiri ndi peptide ya RGD. Mu 1984 Michael Pierschbacher ndi Erkki Ruoslahti anapeza kuti mu fibronectin yonse yaikuluyo, malo omwe selo limagwira ndi ma amino acid atatu okha, arginine, glycine ndi aspartate, mwachidule RGD. Mukathira GRGDSP, kapeptide komwe kali ndi RGD mkati mwake, mu medium, ma integrin amadzaza ndi timapeptide toyandamato ndiye kugwira pa fibronectin kumachepa. Ikaninso GRGESP mu mabowo ena ngati control, yasiyana ndi chilembo chimodzi chokha koma siigwira. Pa laminin RGD siisintha zambiri chifukwa ma integrin a kumeneko amagwira malo ena, ndipo kuona kusiyana kumeneku pa puleti imodzi kumaphunzitsa kuposa lecture ya maola awiri.

Pomaliza pa kuyeza, fix ndi 4% paraformaldehyde mphindi 15, iyi ndi poizoni ndiye mu fume hood, kenako stain ndi antibody ya beta-III tubulin kuti muone ma neuron okha, ndi phalloidin ngati mukufuna actin ya mu growth cone. Zithunzi yezani mu ImageJ kapena Fiji, nzaulere. Koma pemphani mnzanu asinthe maina a zithunzi musanayambe kuyeza. Diso limakondera, ukadziwa kuti ichi ndi cha laminin umapezeka ukutsata kaulusi mpaka kutali kuposa pomwe kathera.

Pali mbali ina ya ECM yomwe sindingaisiye chifukwa ndi yomwe inandikokera ku ntchito imeneyi. Si mapuloteni onse omwe amati bwera, ena amati ima pomwepo. Ma chondroitin sulfate proteoglycan, mwachidule CSPG, monga neurocan, brevican ndi versican amachuluka pa chipsera chomwe chimapangika msana kapena ubongo ukavulala, ndipo growth cone ikafika pamenepo imatupa kunsonga nkuima. Izi mutha kuziona pa galasi, dontheza kadontho kakang'ono ka CSPG pa poly-lysine, kenako phimbani galasi lonse ndi laminin, nthambi zimayenda bwinobwino pa laminin koma zikafika mmalire mwa dontho zimakhota kapena kubwerera. Sakanizani ka dye mu dontholo kuti mudziwe malire ali pati. Ndi nzeru yofanana ndi stripe assay ya ku labu ya Friedrich Bonhoeffer ku Tübingen ya mu 1987, komwe ankapatsa ulusi mizere iwiri kuti usankhe. Mukathira enzyme ya chondroitinase ABC, yomwe imachokera ku bakiteriya Proteus vulgaris ndipo imadula maunyolo a shuga aja, nthambi zimayamba kulowa mu dontho. Mu 2002 Elizabeth Bradbury ndi anzake ku London anaonetsa kuti enzyme yomweyi inathandiza makoswe ovulala msana kuyambanso kuyenda bwinoko. Awa si mankhwala omwe mungawapeze kuchipatala ayi, ndipo sindikufuna aliyense yemwe ali ndi m'bale wake pa njinga ya olumala amve ngati ndikulonjeza, koma zinaonetsa kuti neuron ya mu msana siinafe mphamvu yokula, njira ndi yomwe yatsekedwa. Samuel David ndi Albert Aguayo ku Montreal anali ataonetsa kale mu 1981 kuti ukaika chidutswa cha mtsempha wa kunja ngati mlatho, ulusi wa mu msana umalowamo nkuyenda mtunda wautali.

Mtsempha wa kunja, wa pa mkono kapena mwendo, umatha kumeranso chifukwa ma Schwann cell, maselo omwe amakuta ulusi wa mtsempha, amasiya timachubu ta basal lamina todzadza ndi laminin, ndipo ulusi watsopano umatsata mmenemo pafupifupi milimita imodzi patsiku. Nchifukwa chake munthu wodulidwa mtsempha pa dzanja, olo adokotala asoke bwino, amadikira miyezi kuti zala ziyambenso kumva. Ndipo laminin yemweyu ali mu nkhani ya khate yomwe kwathu tikuidziwa bwino, agogo athu anaona anthu akupsa ndi moto osamva kanthu. Mu 1997 Anura Rambukkana ndi anzake ku Rockefeller University anaonetsa kuti Mycobacterium leprae imagwira pa unyolo wa alpha 2 wa laminin yemwe amakuta Schwann cell, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe kachilomboka kamalunjika ku mitsempha. Ndiye kamadzi komwe mukuthira pa galasi kaja ndi wachibale wa khomo lomwe khate limalowera.

Tibwerere ku benchi. Mukaona ma neuron aunjikana timibulu ndipo nthambi zawo zamangana mitolo yonenepa yolumikiza kagulu ndi kagulu, dziwani kuti akugwirana okhaokha chifukwa pansi sipakuwakomera, ndiye onani coating musanayambe kudandaula za medium. Akagwira bwino koma nkufa pasanathe tsiku, nthawi zambiri ndi poly-lysine yosatsuka. Akakhala bwino masiku anayi asanu kenako nkuyamba kusendeka ngati chikopa, mwina munagwiritsa poly-L ndipo yadyedwa, kapena mukusintha medium mwamphamvu, chotsani theka lokha nkubwezera theka kudzera mmbali. Akachuluka malo amodzi kwina nkukhala ochepa, munazunguza puleti mozungulira, muziyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo, kumanzere ndi kumanja. Kumbukiraninso kuti galasi ndi lolimba kutali kwambiri poyerekeza ndi ubongo womwe ndi wofewa ngati phala lozizira, ndipo maselo amamva kulimbako, ndiye zomwe mwaona pa galasi musathamangire kunena kuti mthupi ndi choncho.

Za kasungidwe, makamaka inu omwe muli kumalo komwe magetsi amazimazima ndipo oda imodzi imatenga miyezi kuti ifike. Botolo la laminin likangofika lisungunuleni kamodzi pa ayisi, gawani mu timachubu ta 20 kapena 50 µl, lembani tsiku ndi lot number, nkuika mu -80 ngati ilipo, apo ayi -20 koma mkati kwenikweni osati pa chitseko, ndipo zungulizani bokosilo ndi ma ice pack kuti magetsi akazima lisatenthe msanga. Kachubu komwe mwasungunula musakabwezerenso mu freezer. Ndipo lot yatsopano ikabwera yesani kaye mabowo awiri pambali pa yakale pa puleti imodzi musanayambe experiment yaikulu, chifukwa laminin wa EHS amachokera mu nyama ndipo botolo ndi botolo samafanana ndendende.